Madzi Saiwala Khwawa

Munthu akatsegula mpopi ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi, madzi ndi kutuluka, safunsa kumene madziwo achokera. Amangotunga, nathokoza kuti lero atuluka. Tsono mwezi uno, owerenga okondedwa, tiyeni tifunse funso limenelo, pakuti yankho lake litifikitsa pa nkhani imene ambirife timayesa ndi ya mabwana a m'maofesi okha, ndiyo ya chilolezo chimene omanga misewu amayenera kulandira asanagwetse mtengo kapena kukwirira dambo. Ndifuna kukuonetsani kuti nkhaniyi njathu, makolo ndi ana omwe, ndiponso kuti chilipo chinthu chimene agogo a pakhomo panu amachidziwa, chimene injiniya wophunzira kwambiri sangachipeze m'mabuku ake.

Madzi ambiri a m'mipopi ya mu mzinda wa Zomba amachokera mu mtsinje wa Mulunguzi. Mtsinjewu umabadwira pamwamba pa phiri, m'tiakasupe ndi m'malo a lowe, makamaka m'dambo limene pa mapu limalembedwa kuti Mulunguzi Marsh. Malo ake ngosakopa maso. Mlendo amene wakwera phiri kudzasuzumira m'dzenje la Chingwe, kapena kudzaimirira pa Emperor's View, malo okumbukira ulendo wa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia wa m'chaka cha 1965, sangapatuke kuti akaone udzu, matope ndi achule. Komatu pa malo onyozekawo ndi pamene pagona moyo wa mzinda wonse.

Mvula ikagwa mwamphamvu mu Januwale ndi Febuluwale, dambo limamwa madzi ngati chinkhupule. Udzu wake ndi mizu yake yolukanalukana zimawaletsa kuthamanga, ndipo dothi lakuda lija, limene lidapangika ndi masamba ovunda kwa zaka zosawerengeka, limawasunga. M'chilimwe, pamene mitsinje ina yasanduka mchenga wokhawokha, dambo limawatulutsa pang'onopang'ono, monga mayi wanzeru amatapira m'nkhokwe kuti chimanga chifike pa nthawi yokolola. Limagwiranso ntchito ya sefa: matope amatsalira m'udzu, madzi natuluka oyera. Kuchokera pamenepo Mulunguzi amatsetsereka pa mathithi a Williams ndi a Mandala, nadzaza damu lalikulu limene lidamalizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, losunga malita oposa 3 biliyoni. Bungwe la Southern Region Water Board limatsitsa madziwo m'mapaipi kupita nawo kumunsi, ndipo popeza damulo lili pamwamba, madzi amatsika okha ndi kulemera kwawo.

Otsalawo amapitirira ulendo. Amadutsa m'munda wa mitengo wa Botanic Gardens, umene udayambika m'chaka cha 1891, nalowa pansi pa msewu waukulu wa M3 mbali ya ku Liwonde, kenaka nathira mu Likangala. Likangala amanyowetsa madimba ndi minda ya mpunga ya kuchigwa, mpaka kukafika m'njedza ndi m'bango za Nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chimene chalowamo chimakhala momwemo, kaya ndi madzi abwino, kaya ndi matope, kaya ndi mafuta a galimoto. Njosazamanso, ndipo idaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, nitsala pang'ono kutheratu m'chaka cha 2018, mabwato a pa doko la Kachulu nakhala pa dothi long'aluka. Matemba ndi milamba zimene timagula pa msika wa Zomba zimadalira madzi amene dambo la pamwamba lidasunga.

Maiko adazindikira kale kufunika kwa malo otere. M'chaka cha 1971 adasonkhana mu mzinda wa Ramsar ku Iran nachita pangano losamala madambo. Panganoli lidayamba kugwira ntchito m'Malawi m'chaka cha 1997, ndipo Chilwa ndiwo adali malo athu oyamba kulembedwa m'kaundula wake. Elephant Marsh ya kuchigwa cha Shire idatsatira m'chaka cha 2017. Chotero mtsinje umene amayi amachapamo zovala ku Mulunguzi ndi mtsempha wa malo amene dziko lathu lidalonjeza pamaso pa maiko kuti lidzawasunga.

Tsono pasakhale wina woganiza kuti ndikudana ndi misewu. Zomba idali likulu la dziko mpaka m'chaka cha 1975, ndipo misewu yake yambiri idalambulidwa m'masiku a atsamunda, pamene galimoto zidali zowerengeka pa zala. Akuluakulu akukumbukira kuti kukwera phiri kudali ndi msewu wake, kutsika kudalinso ndi wake, chifukwa yonse iwiri idali yopapatiza kotero kuti galimoto ziwiri sizikadapatukirana. Lero m'misewu ya mu mzinda mumapanikizana maminibasi, malole a matabwa, njinga za kabaza, amayi osenza nkhuni ndi ana opita ku sukulu. Kholo lililonse limene mwana wake amayenda m'mphepete mwa phula m'mawa limafuna msewu wotakata, wokhala ndi malo a oyenda pansi. Amene adayendapo pa msewu wa Blantyre ndi Zomba usanakonzedwe ndi ndalama za African Development Bank m'zaka zotsatira 2010 akudziwa chimene msewu wabwino umachita kwa wodwala wothamangira ku chipatala cha Queens. Misewu idzakuzidwa ndithu, ndipo iyenera kukuzidwa. Funso ndi lakuti idzakuzidwa motani pamene ikumana ndi madzi.

Taonani chimene chimachitika. Msewu sungamangidwe pa matope, choncho omanga amakumba dothi lakuda la m'dambo, nalitaya, nathiramo miyala ndi dothi lofiira, nalitsendera ndi makina olemera mpaka lilimbe ngati thanthwe. Chimene chatulukapo, tikachiyang'ana ndi maso a madzi, ndi khoma. Kale madzi ankayenda mwakachetechete m'dambo lonse, mwina mamita mazana awiri m'lifupi, ena pamwamba ena pansi pa nthaka. Tsopano onsewo akuuzidwa kuti adutse pa kalavati imodzi kapena ziwiri. Kumtunda kwa msewu madzi amaima, minda nimira, zimbudzi nizisefukira. Kumunsi amatuluka m'kalavati ngati mu mfuti, nakumba chigwembe chimene chaka ndi chaka chimakula, ndipo chigwembecho chimakoka madzi a m'dambo lotsalalo mpaka zitsime za m'madimba ziuma. Mayi amene ankalima mpiru ndi tomato mu Ogasiti amangodabwa kuti dimba lake lachita chiyani, osadziwa kuti lidaphedwa tsiku limene kalavati idayikidwa.

Kukuza msewu wakale nkovutanso mwa njira yake. Anthu amati, "Msewu ulipo kale, tikungowonjezera pang'ono." Koma msewu wa mamita asanu ndi awiri ukasanduka wa mamita khumi ndi anayi, phula limene silimwa madzi lachuluka kawiri, ndipo mvula yonse yogwa pamenepo imathamangira mu ngalande nthawi imodzi. Kawirikawiri kalavati yakale imangolumikizidwa kuti italike, kukula kwake kuli komwe kuja, ngakhale kuti idayezedwa pamene kumtunda kudali nkhalango, pomwe lero kuli madenga a malata. Kalavati yaitali ndi yopapatiza sichedwa kutsekeka ndi mchenga, zinyalala ndi mapepala a pulasitiki. Pa phiri vuto limakula koposa, pakuti kuti msewu utakate ayenera kusema m'mbali mwa phiri, ndipo phiri losemedwa kuphazi limatha kugumuka likakhuta mvula. Dothi lonse lokokoloka pa nthawi ya ntchito, likakhala kumtunda kwa damu, limakathera m'damumo, ndipo malo amene matope atenga madzi sangakhalenso. Onjezanipo maenje amene amasiyidwa pokumba dothi, amene m'dzinja amasanduka zithaphwi zoswera udzudzu ndi nkhono za likodzo, momwenso ana amamira. Potsiriza pamabwera ife eni ake: msewu ukakoma, timamanga magolosale ndi nyumba m'mbali mwake, m'dambo momwemo.

Zimenezi zidaonekapo kwina, ndipo maiko olemera nawo adapunthwa. Ku Florida m'dziko la America adatsegula msewu wa Tamiami Trail m'chaka cha 1928, wolumikiza mizinda ya Tampa ndi Miami, wodutsa pakati pa dambo lalikulu la Everglades. Pa nthawiyo udatamandidwa ngati chozizwitsa. Koma udatsekereza madzi amene ankayenda pang'onopang'ono kulowera kumwera, dambo la kumunsi niliyamba kuuma, mbalame ndi nsomba nizichepa. Padapita zaka 85 kuti atsegule mlatho woyamba, wotalika makilomita 1.6, m'chaka cha 2013, ndipo milatho ina idatsatira m'chaka cha 2019, cholinga chake chili chimodzi: kunyamula msewu kuti madzi adutse pansi monga kale. Adzukulu adalipira ngongole ya agogo awo. Pafupi ndi kwathu, ku Zambia, msewu wa Mongu ndi Kalabo umadutsa chigwa cha Barotse, kumene Zambezi amasefukira chaka chilichonse. Ntchito yoyamba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, idakokoloka ndi madzi isanathe. Msewu umene udatsegulidwa m'chaka cha 2016 uli ndi milatho 26. Mainjiniya adavomera kuti Zambezi sapemphedwa kupatuka.

Chifukwa cha maphunziro owawa otere, maiko adakhazikitsa lamulo lakuti ntchito yaikulu isanayambe, payambe pachitika kafukufuku woona chimene idzawononge. America ndiyo idatsogola, ndi lamulo limene lidasainidwa pa 1 Januwale 1970. Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo losamala chilengedwe, la Environment Management Act, m'chaka cha 1996, ndipo ndondomeko ya kachitidwe ka kafukufukuyo idatuluka m'chaka cha 1997. M'chaka cha 2017 lamuloli lidalowedwa m'malo ndi latsopano, limene lidakhazikitsa bungwe loyang'anira za chilengedwe la Malawi Environment Protection Authority, mwachidule MEPA. Kafukufukuyo masiku ano amatchedwa ESIA, ndipo amaunika za chilengedwe pamodzi ndi za moyo wa anthu: minda yawo, manda awo, malonda awo ndi zitsime zawo.

Kayendedwe kake nkotere. Mwini ntchito, amene pa misewu ikuluikulu amakhala bungwe la Roads Authority ndipo pa misewu ya m'kati mwa mzinda amakhala khonsolo, amalembera a MEPA kufotokoza chimene afuna kuchita ndi malo ake. A MEPA amaona ngati ntchitoyo njofunika kafukufuku wathunthu, kapena ngati chikalata chachifupi cha kasamalidwe ka malo chingakwanire. Ikakhala yaikulu, kapena ikakhudza malo osachedwa kuwonongeka monga dambo, mtsinje ndi nkhalango yotetezedwa (phiri la Zomba lidatetezedwa kuyambira m'chaka cha 1913), mwini ntchito amalemba akatswiri kuti ayendere malowo, afunse anthu okhudzidwa, nalembe lipoti. Lipotilo liyenera kunena zimene zidzawonongeke, njira zina zimene msewu ukadadzera, ndi zimene zidzachitike pofuna kuchepetsa chiwonongeko. Mwambo wake ngwakuti choyamba ayese kulipewa dambolo. Zikakanika achepetse malo okwiriridwa, monga pomanga mlatho m'malo mwa khoma la dothi. Ndipo chimene chawonongeka ndithu achibwezeretse. A MEPA akakhutira amapereka chiphaso chokhala ndi malamulo oyenera kutsatidwa, ndipo pokhapo katapila angalowe. Kupatutsa kapena kutchinga mtsinje kumafunanso chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la za madzi la m'chaka cha 2013.

Pa pepala zonsezi nzokoma. Kuti zimatha kudumphidwa tidaona ku Lilongwe m'chaka cha 2021, pamene ntchito yokuza msewu wa Kenyatta kuti ukhale wa mizere isanu ndi umodzi idayamba. Mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewuwo, umene umadutsa pafupi ndi nkhalango ya mu mzinda ndi mtsinje wa Lingadzi, idagwetsedwa lipoti la chilengedwe lisanavomerezedwe. Anthu adadandaula kwambiri, a MEPA nalamula kuti kudulako kuime. Mfundo ziwiri ndidatolapo pa nkhaniyi. Yoyamba njolimbikitsa: mawu a anthu wamba adamveka, ndipo bungwe limodzi la boma lidaimitsa linzake. Yachiwiri njomvetsa chisoni: lamulo lidafika mitengo itagona kale pansi, ndipo palibe chikalata chimene chingaimikenso mtengo wa zaka makumi asanu. Dambo nalo likakwiriridwa ndi miyala silifukulika.

Ngakhale pamene ndondomeko yatsatidwa, zofooka zilipo, ndipo ndi bwino kuzitchula poyera. Akatswiri olemba lipoti amalipidwa ndi mwini ntchito yemweyo, ndipo wodya kwa mfumu savuta kuivomera mlandu. Lipoti limalembedwa m'Chingerezi, masamba mazanamazana, moti ngakhale mphunzitsi wa sekondale amatopa nalo. Koma chofooka chimene chimandidetsa nkhawa koposa nchakuti oyendera malo amakonda kubwera m'chilimwe, pamene misewu ikuyendeka. Dambo la mu Okutobala limaoneka ngati bwalo la mpira. Mlendo wochokera ku Lilongwe kapena kunja angayendepo ndi nsapato zake zopolisha, nalemba ndi mtima woona kuti pamalopo palibe madzi. Akadabwera mu Febuluwale akadavula nsapatozo.

Ifenso tili ndi mlandu wathu. Msonkhano wofunsa maganizo a anthu ukaitanidwa, pafupifupi nthawi yonse imathera pa funso limodzi: chipukuta misozi chidzakhala ndalama zingati, ndipo chidzabwera liti? Funsoli nloyenera, pakuti munthu amene nyumba yake yalembedwa chizindikiro chofiira ali ndi chifukwa chosowera tulo. Koma ndalamazo zimalandiridwa kamodzi ndi mabanja owerengeka, pamene kalavati yochepa idzavutitsa mudzi wonse dzinja lililonse. Ndiponso nkovuta kudzudzula kontilakitala pa za dambo pamene ife tomwe tikuumba njerwa m'dambomo, tikukumba mchenga mu Likangala, tikulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndi kutentha phiri chaka ndi chaka posaka mbewa ndi makala.

Tsono ndifike pa za agogo zija. Injiniya akafuna kudziwa kukula kwa mlatho kapena kalavati, amawerengera chigumula chachikulu chimene chingabwere kamodzi pa zaka zambiri, monga 25, 50 kapena 100. Kuti awerengere bwino amafuna zolembedwa za mvula ndi za kuchuluka kwa madzi mu mtsinje. Mitsinje ikuluikulu ili ndi zoyezera zake, koma timakwawa tosawerengeka timene timatsika m'phiri la Zomba tilibe wotilembera mbiri. Mbiri yake ili m'mitu ya okalamba.

Mu Disembala 1946 mvula yoposa mamilimita 700 idagwa pa Zomba m'maola 36 okha. Mbali zina za phiri zidagumuka, madzi osakanizika ndi matope, miyala ndi mitengo natsika mu Mulunguzi ndi m'makwawa ena, nakokolola milatho ndi nyumba, anthu nafa. Makolo adati wadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimasamukira kunyanja. Ife lero tidziwa kuti ndi nthaka yokhuta madzi imene imatsetsereka pa thanthwe, ndipo sitifunika kuopa njoka. Koma tisafulumire kuseka, pakuti m'nthano ya Napolo makolowo adasungamo chinthu chimene ofesi iliyonse ikadalakalaka kukhala nacho, ndicho njira yeniyeni imene madzi adadzera. Ankatha kuloza kuti adatulukira apa, nadzera apo, mwala uwu adaubweretsa ndi iyeyo, ndipo pamalo pano munthu asamangepo. Amene adaona ndi maso chaka chimenecho atsala ochepa kwambiri, koma ana awo adamva, ndipo ambiri a iwo timakhala nawo m'nyumba zathu. Zidachitikanso ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi lidagumuka nkupha anthu mazanamazana. Ndipo za madzi osefukira a mu Januwale 2015, za namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, ngakhale achinyamata ali ndi umboni wawo. Akulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo injiniya aliyense woona mtima angakuuzeni kuti mwambiwu ngwoona kwenikweni: khwawa limene lauma zaka makumi atatu likadali khwawa.

Apa ndiye pali ntchito ya banja. Inu achinyamata amene mwaphunzira jogalafe ku sekondale, ndi inu a ku Yunivesite ya Malawi amene mumawoloka Mulunguzi kawirikawiri, khalani pansi ndi agogo anu madzulo ena, kope ndi cholembera m'manja. Afunseni kuti, "Agogo, chaka cha madzi ambiri chija, madzi adalekeza pati?" Akakulozerani mtengo wa mango kapena maziko a nyumba yakale, pitani mukayeze ndi mapazi kuchokera pa msewu, mulembe. Afunseni za akasupe amene adauma, za malo amene kale kudali bango, za khwawa limene lidakwiriridwa pomanga nyumba. M'dzinja likubwerali, tsiku limene mvula yagwa usiku wonse, jambulani ndi foni zanu malo amene madzi adumpha msewu ndi kalavati zimene zalephera, ndipo mulembe tsiku lake. Inu makolo, musanyoze mafunso a anawo poyesa kuti akukutayitsani nthawi. Mudzi umene ufika pa msonkhano uli ndi kope lotere umalankhula ndi mainjiniya ngati anzawo, ndipo katswiri wanzeru amalandira umboni wotere ndi manja awiri, chifukwa umamupulumutsa ku manyazi a mlatho wokokoloka.

Misonkhano imeneyi imaitanidwa kudzera kwa mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko, ndipo nthawi zambiri uthenga umafika mochedwa, kapena umafika kwa abambo okha. Alembi a mipingo angathandize pouika m'zolengeza za Lamulungu, kuti amayi, amene ndiwo amadziwa chitsime chilichonse ndi dimba lililonse, akapezekeko. Mukafika kumeneko, za chipukuta misozi zikatha, wina aimirire mwaulemu afunse kuti akatswiriwo adayendera malo mwezi uti, ndipo ngati kudali m'chilimwe, apemphe kuti adzabwerenso m'dzinja. Wina afunse kuti pa dambo padzakhala mlatho kapena makalavati, angati, aakulu motani, ndipo madzi otulukamo adzathira m'munda mwa yani. Funsani kumene dothi ndi miyala zidzakumbidwe, ndi amene adzakwirire maenjewo ntchito ikatha. Funsani kumene msasa wa antchito udzamangidwe, ndi kumene phula ndi mafuta otha ntchito zidzatayidwe. Ngati ndi kumtunda kwa damu kapena pafupi ndi mtsinje, kanani pomwepo. Pemphani kuti zimene mwanena zilembedwe, ndi kuti mlembi aziwerenge pamaso pa onse musanabalalike, chifukwa mawu a pa msonkhano amalowa m'lipoti limene a MEPA adzawerenge.

Dziwaninso kuti lipotilo si chinsinsi. Lamulo la 2017 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi athanzi, ndipo lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, la Access to Information Act, lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2020. Mungathe kupita ku khonsolo, ku ofesi ya mkulu woona za chilengedwe, kukapempha kuona lipoti ndi chiphaso chake. Simufunika kuwerenga masamba onse. Fufuzani chigawo cha kumapeto chimene chimandandalika malonjezo a mwini ntchito: vuto lakutilakuti, chochita chake, wochita wake, ndi ndalama zake. Mnyamata kapena mtsikana wa Fomu 4 angathe kumasulira masamba amenewo m'Chichewa pa Loweruka limodzi, nawapereka kwa a mfumu.

Mukaona zikhomo zakhomedwa ndipo katapila wafika, funso loyamba kwa kapitawo likhale lakuti chiphaso cha MEPA chili kuti. Chikakhalapo, ntchito yanu ndi kuyerekeza malonjezo aja ndi zimene maso anu akuona: ngati adalemba makalavati anayi koma ayika awiri, ngati adalonjeza kubzala udzu pa dothi losemedwa koma alisiya lambulanda, ngati dzenje lasiyidwa pafupi ndi sukulu. Zimenezi zilembeni m'kalata yokhala ndi tsiku, malo ndi chithunzi, a mfumu asainire, ipite ku khonsolo, ina ku MEPA, ndipo ina musunge. Chitani zimenezi kontilakitala asanasamuke. Pa mapangano a ntchito za misewu pamakhala nyengo, kawirikawiri ya chaka chimodzi ntchito itatha, imene womanga amakakamizidwa kukonza zolakwika ndi ndalama zake, ndipo m'nyengo imeneyo mumagwa dzinja limodzi lokha loti kalavati iyesedwe.